Kodi naiti imabweretsadi khansa ya m'mawere?

NaBanda:
Anzanga pagulu pano, mwaswera bwanji? Pali uthenga ukuzungulira pa WhatsApp wonena kuti a WHO analengeza zoti kugwira ntchito usiku kumayambitsa khansa ya m'mawere, ndiye akuti ku Denmark boma limachita kulipira anamwino amene adwala matendawa. Ku wodi kwathu nkhani ndi yomweyi, mpaka mnzathu wina akuti akadandaula kwa a metroni kuti amuchotse pa naiti. Inu amene mumawerenga za kafukufuku tithandizeni. Ndi zoona izi, kapena ndi zija zoti tumizani kwa anthu khumi?

Mayi a Tadala:
Wandipezanso kuno ku Leeds uthengawo. Ndinangoti kakasi, chifukwa ife osamalira okalamba ambirife timadyera naiti yomweyo. Masana ana, usiku ntchito. Tikaisiya, renti alipira ndani?

Gogo NaPhiri:
Ana inu musamaopsezane. Ine naiti ndinaiyamba nthawi ya Kamuzu, tikuyenda ndi nyali ya galasi mu wodi, mpaka ndinapuma pa ntchito. Mawere anga alibe chilichonse mpaka lero.

A Mbewe:
Agogo mundikhululukire, koma kwathu kuli mkulu wina wosuta chingambwe chiyambire unyamata wake ndipo akulimabe. Sitinganene kuti fodya ndi wabwino chifukwa cha iyeyo. Nkhani ngati izi zimaoneka ukawerenga anthu masauzande.

Gogo NaPhiri:
Mwayamba kale kundiphunzitsa, a Mbewe.

NaJere:
Asisi NaBanda, uthengawo uli ndi choona mkati mwake, koma aukokomeza. Amene ananena ndi a IARC, nthambi ya WHO yoona za kafukufuku wa khansa, imene ili ku Lyon m'dziko la France. Ntchito yawo ndi kusonkhanitsa akatswiri, kuwerenga kafukufuku yense amene alipo pa chinthu china, kenako n'kuchiika m'gulu. Gulu 1 ndi la zinthu zimene umboni wakwana kuti zimayambitsa khansa, monga fodya, mowa ndi nyama zokonzedwa ngati masoseji. Gulu 2A ndi la zinthu zimene umboni ukulozera komweko koma sunakwane. Mu 2007 anaika ntchito ya mashifiti yosokoneza kagonedwe mu 2A. Mu June 2019 akatswiri 27 ochokera m'mayiko 16 anakumananso, anawerenga zatsopano zonse, ndipo anaisiya mu 2A momwemo. Anati pa anthu umboni ndi wochepa, pa nyama zoyeserapo ndi wokwanira. Anatchula khansa ya m'mawere, ya prostate (kachiwalo ka abambo) ndi ya m'matumbo aakulu.

Dziwaninso kuti mu 2A momwemo muli nyama yofiira ngati ya ng'ombe ndi ya mbuzi, komanso zakumwa zotentha kupitirira madigiri 65.

Bambo a Junior:
Ndiye kanyenya wa pachiwaya ndi tiyi wa m'mawa zili gulu limodzi ndi naiti? Kkkk basi tatha tonse.

NaJere:
Kkkk ayi achimwene. Magulu amenewa amangonena kulimba kwa umboni, sanena kukula kwa ngozi. N'chifukwa chake soseji ndi fodya zili limodzi mu gulu 1, pomwe fodya amapha anthu ochuluka kutalitali.

NaBanda:
Nanga za ku Denmark?

NaJere:
Zimenezo zinachitikadi. Mu 2009 zinamveka kuti boma la Denmark lapereka chipukuta misozi kwa amayi pafupifupi 40, ambiri mwa iwo anamwino ndi ogwira ntchito mu ndege. Koma sikunali kungofika n'kunena kuti ndinkagwira naiti. Ankafuna munthu amene wagwira usiku zaka 20 kapena kuposa, kosachepera kamodzi pa sabata, ndipo amene kumtundu kwawo kunali kale khansa ya m'mawere anawabweza. Boma lawo linangotengera chigamulo cha IARC cha 2007 chija. Silinapeze umboni wina wapadera.

Sisita NaMoyo:
Komabe analipira. Boma silitulutsa ndalama pa chinthu chopanda pake. Ine mawu akuti "umboni ndi wochepa" amandinyansa, chifukwa ndi omwewo amene olemba ntchito amabisalamo. Fodya nayenso anthu anakhala zaka akuuzidwa kuti umboni sunakwane.

A Mbewe:
Sisita, pa fodya kafukufuku aliyense amene ankabwera ankangowonjezera pa mnzake, ndipo chiopsezo chake pa khansa ya m'mapapo ndi chochuluka maulendo oposa khumi. Pa naiti zikuyenda mosiyana. Mu 2016 gulu la ku Oxford lotsogozedwa ndi Ruth Travis linaphatikiza kafukufuku khumi wotsatira amayi kwa nthawi, onse pamodzi amayi 1.4 miliyoni, kuphatikizapo a mu Million Women Study ndi UK Biobank. Sanapeze kusiyana pakati pa ogwira usiku ndi osagwira, ngakhale kwa amene anagwira zaka 20 kapena 30. Mu 2019 kafukufuku winanso wa ku Britain komweko, Generations Study, wa amayi oposa 100,000, sanapezenso kanthu. Kwa ine nkhaniyi inatha.

Mayi a Tadala:
Amen a Mbewe, pitirizani choncho kuti ndigone.

NaJere:
Sinathe ayi, a Mbewe, ndipo a IARC atakumana mu 2019 ya Oxford ija anali ataiwerenga. Tiyambire kumene inachokera kuti tione pamene akatswiriwa akusemphana.

Ganizoli linabwera ndi katswiri wa ku America, Richard Stevens, mu 1987. Ankadabwa kuti khansa ya m'mawere ikuchulukiranji m'mayiko olemera, ndipo anakayikira magetsi. Mkati mwa ubongo muli kachiwalo kakang'ono kotchedwa pineal, kamene kamatulutsa homoni ya melatonin kunja kukada. Imakwera usiku, imafika pachimake cha m'ma 2 mpaka 4 koloko m'bandakucha, koma kuwala kukalowa m'maso imatsika. Melatonin imeneyi imauza thupi lonse kuti kwada, ndipo mu labu imaoneka kuti imachedwetsa kukula kwa maselo ena a khansa ya m'mawere. Ndiye Stevens anati, mayi amene amakhala pansi pa getsi usiku wonse kwa zaka zambiri, thupi lake likuphonya chitetezo chimenechi.

Mu 2005 gulu la David Blask linayesa m'njira yochititsa chidwi. Anameretsa zotupa za khansa ya m'mawere ya munthu mwa makoswe, n'kumazidutsitsa magazi otengedwa kwa amayi. Magazi otengedwa usiku mumdima ankachedwetsa chotupa. Amayi omwewo atawayatsira getsi lowala usiku, magazi awo sankachedwetsanso. Palinso kafukufuku wa ku Finland ndi mayiko oyandikana nawo amene anapeza kuti amayi osaoneratu amadwala khansa imeneyi mocheperapo.

Bambo a Junior:
Bola akuyesera makoswe. Mbewa atisiyire ife a pa M1.

Gogo NaPhiri:
Ndiye ife a nyali ya galasi tinapulumuka chifukwa cha umphawi?

NaJere:
Kkkk agogo mwina mwalasa. Kuwala kwa nyali ndi kofooka komanso kofiirira. Kumene kumatsitsa melatonin kwambiri ndi kuwala koyera kwa machubu, ma LED ndi mafoni.

Tsono makoswe si anthu. Pa anthu, kafukufuku amene anagwedeza dziko ndi wa anamwino anzathu a ku America, Nurses' Health Study. Mu 2001 Eva Schernhammer ndi anzake a ku Harvard anatulutsa zotsatira za anamwino oposa 78,000 amene anawatsatira zaka khumi. Amene anagwira naiti yosinthana ndi masana, mausiku atatu kapena kuposa pa mwezi, kwa zaka 30 kapena kuposa, chiopsezo chawo chinali chokwera ndi 36 peresenti. Mu 2006 anaona gulu lachiwiri la anamwino achichepere, ndipo amene anagwira zaka zoposa 20 chinali chokwera ndi 79 peresenti.

NaBanda:
Mayo ine, 79?

NaJere:
Dekhani asisi. Sizikutanthauza kuti anamwino 79 mwa 100 adwala. Tingoyerekeza: ngati mwa amayi 1,000 osagwira usiku amene angadwale m'zaka zingapo ndi 10, kukwera ndi 36 peresenti ndiye kuti mwa 1,000 a naiti adwala 13 kapena 14, ndipo 79 peresenti ndi 18. Enawo onse, oposa 980, sadwala. Komanso pa gulu lachiwirilo, anamwino amene anali atakwanitsa zaka 20 za naiti n'kudwala anali ochepa kwambiri, ndiye nambalayo ndi yogwedera.

Chosangalatsa ndi chimene chinatuluka mu 2017 atawatsatira zaka 24. Gulu loyamba lija, limene tsopano linali la amayi achikulire, ambiri atapuma pa ntchito, kukwera kuja kunazimiririka. Koma gulu lachiwiri, la amene anayamba naiti ali atsikana n'kuigwira nthawi yaitali, kunalipobe.

A Mbewe:
Mwaona? Kafukufuku yemweyo akudzitsutsa yekha.

NaJere:
Kapena akutiuza kuti msinkhu ndi nthawi zili ndi gawo. Apa ndi pamene ndimasiyana nanu pa ya Oxford. Amayi a mu Million Women Study analembedwa ali ndi zaka 50 mpaka 64, ndipo funso la naiti anawafunsa patapitanso zaka. Ambiri anali atasiya kalekale kugwira usiku. Ngati chiopsezo chili pa mayi amene akusambabe ndipo chimatsika akasiya naiti, simungachipeze pofunsa agogo.

Mu 2018 akatswiri ena anaphatikiza kafukufuku wa ku Australia, Canada, France, Germany ndi Spain, amayi odwala pafupifupi 6,000 ndi osadwala pafupifupi 7,000, ndipo anafunsa mbiri yonse ya ntchito ya munthu aliyense. Kwa amene anasiya kusamba sanapeze kanthu. Kwa amene anali asanasiye, makamaka ogwira mausiku atatu kapena kuposa pa sabata kwa zaka zoposa khumi, chiopsezo chinali choposa kawiri. Amene anasiya naiti zaka zingapo m'mbuyo, chinali chitatsika.

A Mbewe:
Koma mtundu umenewo wa kafukufuku uli ndi chilema chake, ndipo mukuchidziwa. Mukafunsa mayi amene wangouzidwa kumene kuti ali ndi khansa, amakhala wasinkhasinkha moyo wake wonse kufuna chimene chinamulakwira. Naiti iliyonse aikumbukira. Wosadwala angoti, aa, ndinagwirako pang'ono. Kusiyana kumeneko kokha kungabale nambala.

NaJere:
Zoona, ndipo n'chifukwa chake IARC sinaikweze kupita mu gulu 1. Koma wotsatira anthu nayenso ali ndi chilema chake. Ambiri anafunsa funso limodzi lokha, loti munagwirapo usiku, eya kapena ayi. Mayi wogulitsa mu shopu yotseka mochedwa ndi mzamba wochezera ku leba mpaka m'mawa amalowa m'thumba limodzi, ndiye kusiyana kumasungunuka. Mu 2021 a National Toxicology Program a boma la America atawerenga zonsezi anati ali ndi chikhulupiriro chachikulu kuti naiti ya pafupipafupi, ya zaka zambiri, makamaka yoyamba munthu ali wachitsikana, imayambitsa khansa ya m'mawere. Akatswiri a ku Oxford akuti ayi. Onsewa ndi anthu ophunzira.

Sisita NaMoyo:
Ndiye mwafotokoza ife ndendende. Timatuluka ku koleji tili ndi zaka 22 kapena 23, wachichepere ndi amene amamuunjikira naiti chifukwa akuti alibe banja, kenako malipiro akachepa amawonjezera lokamu, shifiti yapadera yolipidwa, ya usiku pa tsiku la ofu. Mausiku atatu pa sabata ife timadutsa osadziwa n'komwe.

NaBanda:
Zoona sisita. Ndipo naiti yathu si ya maola asanu ndi atatu. Umalowa dzuwa lisanalowe, umatuluka litakwera, handover yosiyirana odwala ikachedwa ndiye kaya.

A Mbewe:
Chinanso choti tisaiwale, pafupifupi kafukufuku yense amene tatchulayu ndi wa ku America, ku Ulaya ndi ku Australia. Amayi akumeneko ambiri amabereka mochedwa, ana ochepa, kuyamwitsa miyezi yochepa, ndipo zonsezo zimakweza khansa ya m'mawere pazokha. Ku Britain mayi mmodzi mwa 7 amadwala matendawa pa moyo wake. Kwathu ndi ocheperapo, moti ngakhale peresenti ikhale yomweyo, ikukwera pa nambala yaing'ono.

NaNkhoma:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ena pano mukundidziwa, ena ayi. Ine ndinadwala khansa imeneyi ndili ndi zaka za m'ma 30, ndipo bere lakumanzere linachotsedwa.

Ndinakapeza m'mawa wina nditaweruka ku naiti. Ndinali ku bafa ndi ndowa yanga, sopo ali m'manja, dzanja likudutsa kumtunda kwa bere cha kufupi ndi kukhwapa, ndinamva kanthu kolimba ngati njere ya nzama. Sikankapweteka, ndipo ndikakakankha sikankasuntha. Ndinatsuka sopo, ndinakhudzanso ndi zala zouma, kali pomwepo. Ndinakhudza bere linalo pamalo omwewo, palibe. Sabata yomweyo ndinapita kukaonetsa, ndipo amene anandiona anati ndi mkaka wotsalira poti ndinali nditangoletsa mwana kuyamwa, ndikathowe ndi madzi ofunda. Ndinathowa, sikanachoke. Ndinabwereranso ndipo ulendo uno ndinakana kutuluka m'chipindamo mpaka atandilembera kalata yokatengetsa kanyama kokayeza. Kudikira zotsatira ndi kumene kunandiwondetsa kuposa mankhwala amene.

Funso limene ndakhala nalo ndi limene mukukambiranali. Kwathu kulibe amene anadwalapo, mowa sindimwa, ana ndinayamwitsa. Naiti ndiye ndinaigwira kwambiri chiyambire ntchito. NaJere, ndiuzeni mosabisa, inali naiti?

Mayi a Tadala:
Pepani kwambiri achemwali. Ambuye apitirize kukusungani.

Gogo NaPhiri:
Mwana wanga, zikomo polankhula. Ndipo unachita bwino kukana kutuluka m'chipindamo.

NaJere:
Achemwali, palibe dokotala kapena kafukufuku amene angaloze munthu mmodzi n'kunena kuti chinayambitsa ndi ichi. Chotupa chobwera ndi naiti, ngati chilipo, sichisiyana maonekedwe ndi china chilichonse. A WHO amanena kuti pafupifupi theka la amayi odwala khansa ya m'mawere alibe chiopsezo china chodziwika kupatula kuti ndi akazi ndipo zaka zikupita. Mwina naiti inathandizira, mwinanso mukanadwala ngakhale mukanakhala mphunzitsi wa masana okhaokha. Chimene ndingakane ndi choti munadzidwalitsa nokha. Rosita simunkalemba ndinu.

NaNkhoma:
Zikomo. Ndinkayembekezera yankho lomwelo, kungoti munthu umafuna ulimve. Panopa ndili ku OPD, koonera odwala osagonekedwa, masana okhaokha.

A Mbewe:
Nkhani ya achemwali NaNkhoma ndi imene ikundikhudza ine kuposa melatonin. A WHO amati m'mayiko olemera amayi oposa 90 mwa 100 amakhala ali moyo patapita zaka zisanu chiwapezereni ndi khansa imeneyi, ku India 66, ku South Africa 40. Kusiyana kumeneku si naiti. Ndi kufika mochedwa, kubwezedwa ndi panado, kudikira zotsatira, mtunda wopita ku Kamuzu Central kapena ku Queens. Kwathu amayi ambiri amafika chotupa chitakula kale, ena chitaphulika. Ngati iwo, namwino, anauzidwa kuti akathowe, nanga mayi wa kumudzi?

Sisita NaMoyo:
Palibe akukana zimenezo. Koma musatichotse pa nkhani. Zonse ziwiri ndi zathu.

Anganga a Chikondi:
Ine ndinamva kuti chimene chikubweretsa khansa ndi kuika foni m'bra. Anamwino a naiti amachita zimenezo kwambiri poti yunifolomu ina ilibe matumba. Komanso pali mankhwala azitsamba ochokera kunja amene amasungunula zotupa, amene akufuna andipeze ku inbox.

Admin:
Anganga, malonda a mankhwala pagulu pano ayi. Ndi lamulo lathu lakale. Za foni m'bra kapena bra yothina palibe kafukufuku amene anatsimikiza. Ndipo chotupa sachisungunula, amachiyeza.

Gogo NaPhiri:
Ndiwonjezere pamene a Admin asiyira, poti izi ndiye ndaziphunzitsa zaka zambiri ku sikelo. Si chotupa chokha. Yang'anani kukhwapa. Yang'anani khungu ngati lachita timaenje kapena lakhwinyata, nsonga ya bere ngati yayamba kulowa mkati pomwe kale sinali choncho, kapena ikutuluka magazi, kapena bere limodzi lasintha kukula. Muzidziona masiku ochepa mukamaliza kusamba, pamene mawere afewa. Zotupa zambiri si khansa, koma zimenezo akanene ndi a ku labu. Ndipo inu azibambo musamaseke, nanunso imakugwirani ngakhale ndi mwa apo ndi apo.

Bambo a Junior:
Agogo sindikuseka. Funso langa ndi la mayi a kunyumba. Tili ku Johannesburg, iwo amagwira ulonda pa kampani ina, 6 madzulo mpaka 6 m'mawa, mausiku anayi kapena asanu otsatizana. Ali ndi zaka za m'ma 30. Ndiwauze asiye?

NaJere:
Achimwene, sindingakuuzeni kuti asiye ntchito imene ikudyetsa ana chifukwa cha chiopsezo chimene akatswiri akukanganabe. Koma magwiridwe amenewo ndi omwe kafukufuku amawakayikira kwambiri. Ngati pali mpata wosinthana ndi masana kapena kuchepetsa mausiku otsatizana, aupemphe. Lamulo la ntchito la ku South Africa, Basic Conditions of Employment Act, limati ntchito ya pakati pa 6 madzulo ndi 6 m'mawa ndi ya usiku ndipo iyenera kukhala ndi alawansi kapena maola ochepetsedwa. Amene amagwira kawirikawiri kupitirira 11 koloko usiku ayenera kuuzidwa za ngozi zake pa thanzi, ndipo ali ndi ufulu wopimidwa.

Bambo a Junior:
Lamulo lilipo, koma mlendo ukalitchula mawa umapeza dzina lako palibe pa rosita.

Mayi a Tadala:
Kunonso lilipo. Working Time Regulations ya 1998 imati wogwira usiku asapitirire maola 8 pa 24 mukawerengetsa pakatikati, ndipo apatsidwe mwayi woonedwa za thanzi kwaulere. Kuntchito kwathu amangotipatsa fomu yoti tichonge. Koma munthu amene viza yake ili m'manja mwa bwana, ukachonga kuti tulo sindikugona, ukuopa kuti akuchepetsera mashifiti. Timangochonga kuti zonse zili bwino.

Sisita NaMoyo:
Ndi zimene ndikunenazi. Nkhaniyi ndi ya rosita. NaJere, akatswiriwo sananenepo kuti rosita yabwino ndi yotani?

NaJere:
Ananena. Mu 2020 gulu la akatswiri a za ntchito ya usiku, lotsogozedwa ndi a ku Denmark, linalemba malangizo ochepetsa ngozi: mausiku otsatizana asapitirire atatu, pakati pa shifiti ndi inzake pakhale maola osachepera 11, ndipo naiti imodzi isapitirire maola 9. Anatinso mayi woyembekezera asagwire usiku woposa umodzi pa sabata, poopa kupita padera.

NaBanda:
Maola 9 kkkkk. Tikanakhala ndi anthu okwanira mwina. Usiku wina timakhala awiri wodi yonse.

Sisita NaMoyo:
Maola 9 sitingawafike lero, ndikuvomera. Koma zoti woyembekezera asamaikidwe naiti yotsatizana, ndi zoti mtsikana watsopano asamakhale wa naiti mwezi ndi mwezi pomwe ena sakuigwira n'komwe, zimenezo sizifuna ndalama. Zimafuna wolemba rosita wachilungamo. Izi ndi zoyenera kuzitengera ku NONM, bungwe lathu la anamwino ndi azamba.

Gogo NaPhiri:
Nthawi yathu naiti inkazungulira aliyense, ngakhale mkazi wa bwana.

NaBanda:
Ine vuto langa lenileni ndi kugona masana. Nyumba yamalata, ikamakwana 10 koloko m'chipinda muli ngati mu uvuni, chigayo chili kuseri, ana a neba akusewera pawindo penipeni, wina akugogoda kuti asisi mwana wanga watentha thupi tamuoneni. Ndikagona maola atatu ndiye kuti Mulungu wandikomera mtima.

Mayi a Tadala:
Kuno chilimwe dzuwa limatuluka 5 isanakwane ndipo limalowa cha m'ma 9 usiku. Ndinagula makatani akuda bii, ndi zotseka m'makutu. Kwanuko kolekani bulangete pawindo, chitenje chimalowetsa kuwala. Foni izikhala kutali, chifukwa ukangoti ndione uthenga umodzi, tulo tapita.

A Mbewe:
Ndipo apa ndi pamene ine ndimaona ngozi yosakayikitsa. Za khansa tikukangana, koma zoti ogwira usiku nthawi yaitali amadwala shuga ndi mtima mochulukirapo, amanenepa, ndiponso amachita ngozi pamsewu akamaweruka, umboni wake ndi wolimbirapo. Taonani zimene timadya pa naiti: mandasi, tchipisi, Fanta, tiyi wa masupuni anayi a shuga 3 koloko m'bandakucha. Kunenepa mayi atasiya kusamba ndi mowa ndi zinthu zimene palibe akutsutsa kuti zimakweza khansa ya m'mawere. Kuyamwitsa kumaitsitsa, pafupifupi 4 peresenti pa miyezi 12 iliyonse.

NaBanda:
A Mbewe mandasi asiyeni, ndi amene amatifikitsa m'mawa.

Mayi a Tadala:
Nanga mapiritsi a melatonin? Mnzanga wina amaitanitsa pa intaneti, akuti akubwezera imene ikutayika usiku.

NaJere:
Palibe kafukufuku amene anaonetsa kuti mapiritsiwo amateteza khansa. Ena amawathandiza kupeza tulo masana, basi. Vuto la naiti si melatonin yokha, ndi wotchi yonse ya thupi imene imasokonekera, nthawi yodya, yogona, ya mahomoni ena. Ndipo ku Britain melatonin ndi mankhwala olembedwa ndi dokotala, ndiye za pa intanetizo mnzanuyo sakudziwa chimene akumeza. Akaonane ndi GP, dokotala wake.

NaNkhoma:
Sisita NaMoyo, mukamalemba kalata yopita ku NONM muikemo kuti ogwira ntchito m'chipatala nafenso tizipimidwa mawere kamodzi pa chaka. Timapima ena tsiku ndi tsiku, ife palibe amatikhudza.

Sisita NaMoyo:
Zalowa. NaJere, nditumizireni manambala a 2020 aja ku inbox, ndi za 2018 za amayi amene sanasiye kusamba. Ndilemba kumapeto a sabata ino, ndidzaika pano kuti tikonzere limodzi tisanatumize.

A Mbewe:
Langizo langa, musatsamire pa khansa yokha. Mukatero wina adzangotulutsa pepala la Oxford lija n'kukuuzani kuti nkhani yatha. Yambani ndi oyembekezera, shuga, ndi zolakwika zimene munthu wosagona amachita pa mankhwala a odwala. Pamenepo palibe angakutsutseni.

Sisita NaMoyo:
Ndamva, ndiyamba ndi zimenezo. Koma ya ku Denmark ndiikamo ndithu.